Nyimbo ya Supuni ku Romford

Lolemba m'mawa ndinalemba mu lipoti mawu omwe ndakhala ndikulemba kwa masabata asanu: "Akugogodabe ndi supuni. Tikawalanda akukwiya."

Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ija timati keya, pa nyumba ina ku Romford. Dzina la nyumbayo sinditchula, ndipo la mkulu amene ndikufuna kukamba za iwo sinditchulanso, ntchito yathu siyilola. Ku khitchini timangoti "a Supuni", ndiye nanunso muwadziwe choncho. Ndi a ku Japan, a zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, ochepa thupi, aukhondo kwambiri. Matenda oyiwala anawalanda Chingerezi chonse chomwe anali nacho. Chijapanizi chinatsala, koma pa nyumba yonseyo palibe amene amachimva.

Akatha kudya m'mawa amakokera mbale patsogolo pawo, n'kuyika kapu kumanja kwake, kenako n'kuyamba. Kapu, mbale, tebulo. Kapu, kapu, tebulo. Pakhosi pamatuluka kamawu kapansipansi ngati ka firiji. Amatha kutero ola lathunthu. Masana chimodzimodzi. Akatopa amatenga matishu ndi cholembera n'kumajambula timabokosi ting'onoting'ono, tina n'kumatidetsa, tina n'kumatisiya toyera. Matishuwo timawatola pokonza matebulo n'kutaya.

M'chipinda chochezera mumakhala anthu khumi ndi awiri, ndipo aliyense ali ndi mutu wake umene ukumuvuta kale. Lolemba lomwelo mayi wina, a Doreen, anapirira mpaka kupirira kunawathera. Anatenga kapu yawo ya tiyi n'kuponya. Inaphonya a Supuni n'kukamenya khoma. Iwo anayang'ana khomalo pang'ono, n'kupitiriza pomwe analekezera.

Nesi wathu wamkulu ndi Sisita Mwale, wa ku Lusaka. Anandipeza ndikukolopa tiyi uja.

"Ba Nachisale, aba bamudala bazatifunthisa," anatero m'chilankhulo cha kwawo, kutanthauza kuti atipengetsa. "Lelo ni kapu. Mailo bazaponya cani, wilicheya?"

"Wilitcheya a Doreen sangayinyamule," ndinatero.

"Imwe musaseke. Nauza kale bamanejala."

Manejala anawerenga malipoti n'kugamula kuti Lachisanu kubwere dokotala. Njira zinali ziwiri: mankhwala owaziziritsa, kapena kuwasamutsira ku nsanjika ya pamwamba, kumene zitseko zimakhala zokhoma ndipo odwala ake ndi amene matenda afika nawo patali. Ife timangoti "kumwamba", ndipo tikamatero sitiseka. Ndinagwirako miyezi ingapo. Ena amapita kumeneko akuyenda okha, koma pakatha nthawi yochepa umawapeza akungosinza pampando, malovu ali pa kolala. Si nkhanza za wina aliyense. Ndi mmene malowo alili.

Sindinatsutse. Ndikanatsutsa bwanji? Umboni wonse umene manejala anawerenga ndinalemba ndine.

Lachiwiri cha m'ma thuu koloko kunabwera mwana wa a Doreen. Ndimutcha Dave: bambo wa zaka za m'ma fifite, wathupi, woyendetsa vani yonyamula katundu wa pamsika. Anamva za kapu ija ndipo anabwera atakonzekera ndewu. Anandipeza pa kolido.

"Ali kuti munthuyo?" anafunsa m'Chingerezi chake cha kuno chomeza zilembo. "Mayi anga sanaponyepo kanthu chibadwire. Ngati afika poponya kapu ndiye kuti wina akuwazunza. Ndikufuna ndimuone ndi maso angawa."

Ndinamuuza kuti kumuona angamuone, koma kukalipa ayi. Anangonditsatira. Tinafika pakhomo la chipinda chochezera a Supuni ali pakati pa ntchito yawo. Dave analowetsa phazi limodzi n'kuyima. Ndinaganiza kuti akusonkhanitsa mawu otukwana. Koma anapendeketsa mutu ngati munthu amene wamva dzina lake likutchulidwa m'chipinda china. Kenako anasongola milomo n'kuyamba kuliza likhweru.

Supuni inayima m'malere. Mkuluyo anatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere pa nyumbapo ndinawaona akuyang'ana munthu m'maso. Dave analiza mzere umodzi n'kusiya. Iwo anadikira pang'ono, n'kugogoda wotsatira. Dave analandira. Anapatsirana choncho mpaka kumapeto, chifukwa chinthucho chinali ndi mapeto, zimene ine m'masabata asanu sindinazizindikire.

"Mukuyidziwa?" ndinafunsa.

"Ndi nyimbo ya m'gemu," anatero Dave. "Gemu ya pa TV imene tinkalimbirana ine ndi mkulu wanga ndili ndi zaka teni. Apa ndi pamene kamunthu kako kamalowa m'phanga la madzi. Ndinafera pamenepo kosawerengeka, nyimboyi ndingayimbe ndili m'tulo." Anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Koma mkuluyu sakuyimba yapamwamba yokha ayi. Kapu ndi nyimbo yeniyeniyo, mbale ndi yapansi pake, tebulo ndi ng'oma. Ndani amaloweza zapansi pa nyimbo ya m'gemu?"

A Doreen anakuwa ali pampando wawo wa pa windo: "David, wabwera kudzamuletsa kapena kudzamuthandiza?"

Funso la Dave linandikhala m'mutu. Ndinapita kukatsegula fayilo. Munthu akamalowa pa nyumba yathu abale ake amadzaza fomu, ndipo pali kabokosi kamodzi, kotalika ngati chala, kofunsa ntchito imene ankagwira. Pa a Supuni panalembedwa kuti: "Wa mu ofesi." Ndinapempha chilolezo kwa manejala n'kuyimbira foni mwana wawo wamkazi, amene amakhala ku Greenwich. Anati apeza mpata Lachinayi.

Lachitatu ndinachita chimene ndikanachita sabata yoyamba ija: ndinamvetsera. Sinali nyimbo imodzi. Inalipo yothamanga, inalipo ina yoyenda mwaulesi, ndipo kanalipo kena kakafupi, kogogoda kanayi kokha, kamene kankamveka nthawi iliyonse ndikawayikira tiyi patsogolo. Ndinatolanso matishu a tsikulo, koma m'malo motaya ndinawayika m'thumba la yunifomu.

Lachinayi mwana wa a Supuni anabweradi. Ndi mayi wocheperapo pang'ono kwa ine, womasulira zikalata, wolankhula mosathamanga. Tinakhala m'kachipinda ka alendo. Ndinamufotokozera za Dave ndi likhweru lake. Sanadabwe.

"Inde," anatero. "Anayipeka ndi iwowo."

Zotsatirazi ndikulemba monga anandifotokozera, sindinakafufuze kwina.

Bambo ake anakulira m'tawuni yaing'ono, m'nyumba ya wokonza mawotchi. Ankafuna kukhala wojambula zithunzi, koma sukulu ya zojambula inawakana kawiri. Ankayimba gitala m'kagulu kamene sikanapite patali. Ntchito yoyamba anayipeza pa kampani yaing'ono ya zidole, kujambula zithunzi za pa makatoni. Kampaniyo itaona kuti ana ayamba kukonda magemu a pa TV, inatenga anthu ochepa n'kuwayika m'chipinda cha pamwamba pa sitolo kuti nawonso apange yawo. Iwowa anawatengera zojambula basi.

Kujambulako kunali kwa pa pepala la timabokosi, ngati la masamu lija la ku pulayimale. Bokosi lililonse ndi kadontho kamodzi pa TV. Munthu yense, maso, chipewa, nsapato, ankayenera kukwana m'timabokosi tochepa kwambiri moti kumupatsa pakamwa kunkatanthauza kumulanda mphuno. Atamaliza tianthuto panafunika malo oti tiziyendamo, ndiye anayamba kujambula njira: apa dzenje, apa khomo, apa kiyi, apa mdani. Wolemba malangizo a kompyuta atasiya ntchito pakati pa chaka, iwo anatenga buku lake n'kuphunzira. Nkhani ya gemuyo, yofotokoza chifukwa chimene kamunthuko kakuvutikira chonchi, analembanso okha poti panalibe wina wofuna. Ndiye tsiku lina bwana anakumbukira kuti gemu imafuna nyimbo. Anayang'ana m'chipindamo n'kufunsa kuti woyimba gitala uja ndi uti.

"Makina a magemu a nthawi imeneyo ankatha kutulutsa mawu atatu okha nthawi imodzi," anatero mayiyo. "Ndipo kamunthu kakadumpha, phokoso la kudumphalo linkalanda malo a amodzi mwa atatuwo. Ndiye ankapeka nyimbo zoti ukachotsapo mbali imodzi zisagwe. Kunyumba ankayeserera pa chakudya. Kapu, mbale, tebulo. Mayi anga ankabisa masupuni."

Ndinaganiza za masupuni amene ine ndinawalanda.

Gemu ikatha pamadutsa mayina a amene anayipanga. Lawo silinalembedwepo. Kampani inkaopa kuti makampani ena ayibera antchito, ndiye aliyense ankalembedwa ndi dzina lopeka. Iwo anali ndi mayina opeka atatu, lina la wojambula, lina la wopeka nyimbo, lina la wokonza njira, ndipo kwa zaka zambiri okonda magemu ankatsutsana kuti mwa anthu atatuwo katswiri weniweni ndi uti.

Apa ine ndinaseka. Mayiyo sanaseke.

Makina atakula, magemu anakulanso. Ntchito imene inkagwiridwa ndi anthu okwana m'chipinda chimodzi inayamba kufuna khamu, aliyense ndi kachigawo kake: wina mitengo yokha, wina madzi okha, nyimbo n'kumayimbidwa ndi gulu lathunthu la zoyimbira. Munthu wogwira zonse anasowa poyima. Anawakweza paudindo, kuwapatsa desiki yaikulu, ntchito yawo n'kukhala kusayina mapepala ndi kukhala m'misonkhano. Anapirira zaka zingapo n'kuchoka. Anatsegula kampani yawoyawo, inagwa. Anapeka tinyimbo ta otsatsa malonda, anaphunzitsako pa koleji, anajambula zithunzi za m'mabuku a ana. Mkazi wawo atamwalira, ndipo iwo atayamba kusochera popita kumsika, mwana wawoyu anakawatenga kubwera nawo kuno.

"Nanga pa fomu munalemberanji kuti wa mu ofesi?" ndinafunsa.

"Kabokosiko mwakaona kukula kwake?" anatero. "Komanso kwa ine ndi zimene anali. Munthu wotuluka m'mawa ndi chikwama, wobwera patatha masiku atatu ndi malaya onunkha fodya. Ankagona pansi pa desiki. Tsiku limene ndinayamba sukulu sanandiperekeze, ankakonza phanga la madzi lomwelo. Masiku ano okonda magemu anafufuza n'kupeza dzina lawo lenileni, ndiye amandilembera makalata. Ambiri amati, bambo anu anandilera. Ine ndimawerenga n'kumati, ooh, ndiye n'kumene anali."

Ananena mosakwiya, ngati akuwerenga nthawi ya basi.

Ndinatulutsa matishu aja n'kuwayala patebulo. Anawatembenuza, anawasinthanitsa, kenako analumikiza anayi m'mbali mwake.

"Iyi si gemu yakale," anatero. "Iyi ndi nyumba yanuyi."

Analoza ndi chala: kolido, chipinda chochezera, khitchini, chitseko chakunja chokhala ndi chizindikiro cha loko. Kiyi anamujambula pa desiki ya Sisita Mwale, pamene pamakhaladi makiyi. Munalinso timadontho, kalikonse ndi muvi wosonyeza njira yake ndi timawu ta Chijapanizi pambali.

"Amenewa ndi adani?" ndinafunsa.

"Ena mwa iwo." Anawerenga pa kadontho ka pa windo: "Amaponya zinthu. Dutsa kumanzere." Anasunthira pa kena, koyenda pakati pa khitchini ndi tebulo lawo: "Amabweretsa tiyi. Amatenga supuni. Si woyipa. Dikira achoke."

Anandiyang'ana. "Ameneyu ndinu?"

"Ndine," ndinatero.

Kenako mayiyo anapita kukakhala ndi bambo ake. Iwo anamulonjera mwaulemu, ndi kamutu kowerama, monga amalonjerera aliyense wobwera ndi chikwama. Analankhulana m'Chijapanizi theka la ola. Potuluka ndinamufunsa ngati amuzindikira. Anati ayi, amamuyesa wa ku kampani, ndipo amufunsa kawiri ngati tsiku loperekera ntchito lingasunthidwe.

"Munawayankha chiyani?"

"Ndati lasunthidwa. Asafulumire."

Lachisanu dokotala anabwera. Ndi mayi wotopa amene amayenda nyumba zambiri ngati yathu, ndipo anali atawerenga kale malipoti anga m'galimoto. Ndinamufotokozera za Lachiwiri ndi Lachinayi, n'kumuonetsa matishu. Anawayang'ana nthawi yaitali kuposa imene anayang'ana fayilo.

"Ndiye vuto ndi phokoso lokha?" anafunsa.

"Phokoso, ndi kapu youluka," anatero Sisita Mwale.

Mankhwala atsopano dokotala sanalembe, ndipo kumwamba a Supuni sapita, pakadali pano. Akatha kudya tiziwapititsa m'kachipinda ka alendo ndi kapu, mbale ndi supuni yawo, chitseko n'kutseka. Tinawagulira kope la masamu. Masana Dave anabwera ndi kiyibodi yaing'ono yoyimbira nyimbo imene anayipeza pamsika. Mkuluyo anayang'ana mabatani onsewo, anadina limodzi, n'kuyikankhira kumbali mwaulemu.

"Bafuna cabe zitatu zao," anatero Sisita Mwale.

Nditabweretsa tiyi kanamveka kanyimbo kakafupi kaja, kogogoda kanayi. Dave anaseka mpaka kutsokomola. Akuti m'gemu kamalira ukatsegula bokosi n'kupezamo chinthu chabwino.

A Doreen akuti bata labwerera. Akutinso kaya munthuyo anapeka chiyani iwo alibe nazo ntchito, phokoso ndi phokoso. Ndipo sakunama.

Nkhaniyi ndayifotokozera anthu angapo ndipo onse akuti yatha bwino. Mwina. Koma taganizani chimene chinasintha pakati pa Lolemba ndi Lachisanu. Kugogoda ndi komweko. Matenda ndi omwewo, ndipo sabwerera m'mbuyo. Amene tinasintha ndi ife: tinamva kuti wogogodayo anali munthu winawake. Lolemba linali "khalidwe lovuta", Lachisanu inali nyimbo, ndipo pakati pakepo panangodutsa woyendetsa vani amene anabwera kudzakalipa. Akanakhala kuti tsiku limenelo anali ndi katundu wambiri pamsika, lero ndikanalemba za mitengo ya basi.

Nanga amene Dave wawo sabwera?

Kumwamba kuli mayi amene amapinda makatani tsiku lonse, kuwayeza ndi mkono, kuluma ulusi umene palibe. Pa fomu yawo panalembedwa "mayi wa pakhomo". Kuli bambo amene amayima pa windo n'kumakweza dzanja limodzi, kutsitsa, kukweza linalo, ngati akulondolera chinthu chachikulu kuti chilowe pamalo pake. Sitima yapamadzi? Ndege? Lole? Palibe akudziwa, ndipo mu lipoti timalemba kuti "sakukhazikika". Palibe wanena kuti awiriwa anali otchuka, ndipo mwina sanali. Kodi munthu ayenera kukhala atapeka nyimbo yofika mayiko akutali kuti tiyambe tafunsa tisanamulande chimene wagwira?

Kabokosi kotalika ngati chala kaja sitinakapange ndife, koma Amalawi timakakonda. Tikakumana ku tchalitchi ku Wembley kapena pa maliro, funso lotsatira "kumudzi n'kuti" ndi lakuti "mukugwira chani?" Ndipo timafuna yankho la liwu limodzi. Nesi. Keya. Dalaivala. Sekyulite. Munthu akayankha kuti amajambula, amayimbanso, amakonzanso makompyuta, timagwedeza mutu mwaulemu, ndipo akangochoka timati, "Koma ameneuja sanakhazikikebe eti?" Mawu omwewo a mu lipoti. Ana athu tikuwauza zomwezo m'Chichewa iwo n'kumatiyankha m'Chingerezi: sankha chimodzi, ndipo chikhale cha yunifomu.

Sindikunena kuti ndife opusa. Ambiri tinabwera kuno ndi viza yolembedwa ntchito imodzi, ndipo ntchito imodziyo ndi imene yatisunga, ife ndi abale kumudzi. Komanso mwana wa a Supuni wandionetsa kuti munthu wa maluso asanu nthawi yake amayichotsa penapake, ndipo kawirikawiri amayichotsa kunyumba. Zimenezo sindizipeputsa.

Chimene chikundivuta n'chakuti ambiri a ife maluso asanuwo tinali nawo kale, kungoti tinawasiya pa eyapoti. Kwathu ndani ankakhala ndi ntchito imodzi? Pa shifiti yanga pali a Gondwe, amene amakankha mawilitcheya ndi kusintha mabedi. Tinagwira limodzi zaka zinayi ndisanadziwe kuti ku Mzuzu anali makaniko, ndipo ndinadziwa chifukwa tsiku lina anamva injini ya ambulansi panja n'kunena chimene chikufa m'kati mwake. Kenako zinadziwika kuti ankayimbanso bezi m'maukwati ndi kuumba mbaula. Sabata ino ndinafunsa Sisita Mwale kuti asanavale yunifomu ankachita chiyani. Anayang'ana uku ndi uku ngati ndawafunsa zachinsinsi.

"Ninali kuthamanga, ba Nachisale," anatero. "Mamita folo handiredi. Musauze munthu, bazaniseka na thupi iyi."

Zaka zisanu ndi ziwiri tikudyera tebulo limodzi pa bureki.

Ndipo ife tikukalamba konkuno. Tinkati tabwera zaka zitatu basi, koma taonani imvi. Ena a ife tidzalowa m'nyumba ngati yanga, ndipo matenda akadzatilanda Chingerezi tidzatsala ndi Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao pakati pa anthu osachimva. Fomu adzadzaza ndi ana athu.

Loweruka masana kunabwera mwana wanga Thoko. Anakulira kuno, amagwira ntchito mu famase, Chichewa amamva koma danga lino saliwerenga, akuti cholemba chimamupweteka mutu. Tili patebulo ndinamufunsa.

"Thoko, utati wandisiya pa nyumba ya okalamba, akakufunsa ntchito yanga ukanena chiyani?"

Anayankha m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse, maso ali pa foni. "Keya. Bwanji, mukudwala?"

"Sindikudwala. Nanga ndisanabwere kuno?"

"Munkaphunzitsa, si choncho? Kapena anali anti aja?"

Ndinkaphunzitsa, inde. Ndinkasokanso madiresi a ukwati ku Zomba. Ndinkayimbira mpira wamanja, ndi wenzulo yangayanga. Ndipo kwaya ya mpingo wa kwathu inkayimba nyimbo zinayi zimene ndinapeka ine. Ndimamva kuti imodzi amayimbabe pa maukwati, n'kumati ndi yachikale, yopanda mwini. Zonsezi sindinamubisire mwana wanga. Sindinamuuze basi. Pakati pa mashifiti, homuweki ndi mabasi, nkhanizo zinkaoneka ngati zopanda ntchito kuno.

Ndinamuuza tsopano, zonse pakamodzi, mpunga ukuzizira. Anayika foni pansi.

"Amayi, inu? Nyimbo?" Kenako m'Chichewa chake chotsimphina chija: "Imbani ndimve."

Ndime yoyamba ndinayimba bwinobwino, iye atatolanso foni kuti ajambule. Ndinapuma kuti ndiyambe yachiwiri. Sinabwere. Ndinabwerera pachiyambi kuti mwina indikoka, ndinafika pomwepo n'kuyimanso. Musandifunire dokotala, zaka makumi awiri osayimba chinthu n'zokwanira kuchitaya. Amene ankayidziwa yonse, mnzanga wa alito, anamuyika chaka chatha, ine ndikuonera maliro ake pa foni nthawi ya bureki.

Thoko anadikira, chala chili pa batani.

"Yatha?"

"Ilipo ndime ina," ndinatero. "Sunga kaye imeneyo."

Inu amene muli ndi ana kuno, akudziwa zingati mwa zimene manja anu ankachita musanakwere ndege? Ndipo mukufuna adzakufunseni liti, ndime yachiwiri ikadalipo kapena itapita?